Tafunsani Malume: kampasi ya agogo a Keyala, kachizindikiro kachikasu ndi bokosi la zilembo za ku Russia

Mwezi uno makalata atatu abwera ndi nkhani imodzi ngakhale olembawo sakudziwana, wina ali ku Zomba wina ku Scotland wina m'malire cha ku Muloza, onse agwira katundu wakale wachisilikali wopangidwa kunja ndipo akufuna kudziwa ngati zolembedwapozo zikutanthauza imfa kapena ndalama. Ndayamba ndi ya ku Zomba chifukwa ndi imene yandidetsa nkhawa kwambiri.

Malume, agogo anga aamuna anali a Keyala, asilikali a King's African Rifles, anamenya nawo nkhondo ku Burma. Anatisiya kalekale koma musutikesi yawo yachitsulo tapezamo kampasi yolemera bwino, yamkuwa yopakidwa penti wakuda, pansi palembedwa MK III ndi 1943 komanso pali kachizindikiro ngati phazi la nkhuku. Mayi akuti ali mwana inkawala usiku ngati chiphaniphani, pano siwala, timizere take tinasanduka ta bulauni ngati fodya. Mwana wa achimwene wa ku koleji akuti ili ndi radiyeshoni koma ine ndayang'ana paliponse chizindikiro chachikasu chija palibe. Nde poti inasiya kuwala si ndiye kuti mphamvu inatha? Ndikufuna ndiimasule ndipukute galasi ndiiike pa kabati m'balaza. Mdzukulu, Zomba.

Mdzukulu, musaimasule chonde, sikuludiraiva ibwerere mudirowa. Mwana wa achimwene anuyo wanena zoona, mumugulire fanta.

Ka phazi la nkhuku kaja musakaope, ndi chidindo cha boma la Britain chosonyeza kuti katunduyu ndi wa boma, ankachidinda pa chilichonse cha asilikali kuyambira mfuti mpaka ma beneti, ndiye agogo aja anabwera nayo kampasi ya mfumu George osabweza, koma mlandu umenewo unatha. Chaka cha 1943 chikugwirizananso ndi nkhani ya kwanu, poti asilikali a ku Nyasaland analowa m'nkhalango za Burma mu 1944 ndipo m'nkhalango ngati zimenezo usiku munthu umayenda ndi kampasi basi, kuyatsa tochi kunali kudziitanira chipolopolo.

Nde kuti iziwala yokha ankapaka penti wosakaniza zinthu ziwiri. China ndi ufa wotchedwa zinc sulphide, umenewu ndi umene umawala. China ndi radium, ameneyu ntchito yake ndi kumenya ufawo usana ndi usiku kuti uziwala. Zimene zinachitika pa kampasi yanu ndi zoti ufa uja unatopa ndi kumenyedwa, unapsa nkusanduka wa bulauni, koma womenyayo akadali pompo ndi mphamvu zake. Radium-226 amatenga zaka 1,600 kuti mphamvu yake itsike ndi theka lokha. Pa zaka 80 ndi kanthu zimene zadutsa kuchoka 1943, pa magawo 100 aliwonse atsala oposa 96. Kunena kwina kampasiyo inazima ngati mbaula imene makala ake aphimbidwa ndi phulusa, maso akukuuzani kuti moto watha koma pondanipo muone.

Za chizindikiro chachikasu, simungachipeze chifukwa mu 1943 kunalibe. Chinajambulidwa koyamba mu 1946 ku labotale ya yunivesite ku Berkeley, California, ndipo poyamba sichinali nchachikasu komwe, kumbuyo kwake kunali kwa buluu. Katundu yense wa nkhondo ya Hitler, makampasi, mawotchi, mamita a m'ndege, ma switch a wailesi za asilikali, anatuluka mufakitale opanda chenjezo lililonse. Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka, amaganiza kuti chopanda chizindikiro nchabwino, chonsecho pa katundu wachisilikali nthawi zambiri zimakhala mozondoka, chakale chosalembedwa kanthu ndi chimene chili ndi radium.

Kodi ikuphani? Ikakhala yotseka ili pakona penapake, ayi, cheza chimene imatulutsa chimachepa msanga mukatalikira, mukasuntha kuchoka pa mita imodzi kufika pa mamita awiri chimatsika kanayi. Vuto lenileni ndi penti uja, pano ndi wouma wofumbutuka, mukapukuta ndi kansalu tizidutswa timauluka, mumapuma kapena timatsalira m'zikhadabo nkukadya nazo nsima. Thupi limamuona radium ngati calcium ndiye limakamusunga m'mafupa, ndipo akakhala m'fupa amawotcha pamalo omwewo zaka ndi zaka. Zimenezi dziko linaziphunzira mowawa kwa atsikana amene ankapenta manambala a mawotchi ku Orange, New Jersey ndi ku Ottawa, Illinois m'ma 1920, ankawauza kuti azisongola kaburashi ndi milomo kuti manambala azioneka bwino, patapita zaka mano anayamba kugweluka okha, nsagwada kuwola, ambiri anamwalira akadali achitsikana. Iwo ankameza tsiku ndi tsiku, inu simungafike pamenepo ndi kampasi imodzi, koma palibe chifukwa choti mwana wokwawa wa m'nyumba mwanu alaweko ngakhale kadontho.

Chinanso radium amatulutsa mpweya wotchedwa radon, wopanda fungo, umene umaunjikana m'chipinda chotseka ndipo umayambitsa khansa ya m'mapapo ukaupuma nthawi yaitali. Ndiye malo ake si kuchipinda chogona, si pansi pa pilo, si m'thumba la malaya. Ikulungeni mupepala la pulasitiki, muiike mubotolo lagalasi lotseka bwino, mulembepo kuti RADIUM OSATSEGULA, nkuiika kusitolo kapena kukhonde kopita mphepo kumene ana safika, kutali ndi ufa ndi chimanga. Mukafuna kuonetsa alendo tsegulirani panja, aione ili mupulasitiki momwemo, mukatha sambani m'manja ndi sopo. Musutikesi muja ngati muli tizinyenyeswa ta bulauni pukutani ndi kansalu konyowa, osati tsache, kansaluko kalowenso mubotolo. Ndipo musaitaye kudzala kapena kuiwotcha, ku Dalgety Bay ku Scotland anawotcha ndi kukwirira mamita a ndege zankhondo nkhondo itatha, mu 1990 tizidutswa ta radium tinayamba kupezeka pagombe pamene anthu amayenda ndi agalu awo, ndipo ntchito yoyeretsa inatha mu 2023. Moto sumupha radium, umangomumwaza.

Chithunzi cha agogo ndi mendulo zawo ndi zimene zipite pa kabati.

Malume zikomo chifukwa cha tsambali, timawerenga kuno. Ine ndimagwira ntchito yosamala okalamba ku Scotland, pa weekend ndimakwera mapiri. Ndinagula kampasi yachisilikali ya ku America pa msika wa zakale, Cammenga, yobiriwira. Nditafika kunyumba ndaona kumbuyo kuli chizindikiro cha radiyeshoni, palembedwa H3 ndi 120 mCi, wogulitsayo anati ndi ya chaka cha 2000. Ndaika mu Google akuti 120 mCi ndi ma becquerel 4.44 biliyoni!! Mabiliyoni Malume, ndipo akazi anga ndi oyembekezera. Pano ili mu shedi panja. Nditaye? Komanso ndili ndi wotchi ya asilikali a kuno ili ndi T mkati mwa kabwalo. Wa kwa Njolomole, ali ku Dundee.

Achimwene a kwa Njolomole, mtima pansi, masamu anu ndi olondola koma mantha ndi amene apitirira. Curie imodzi, imene amalemba Ci, ndi ma becquerel 37 biliyoni, ndiye 120 mCi, ka m kakang'onoko kakutanthauza gawo limodzi mwa 1,000, ikukwanadi 4.44 biliyoni. Koma becquerel amangowerenga kuti pa sekondi imodzi ndi ma atomu angati amene akusweka, sanena kuti kuswekako nkoopsa bwanji. Zili ngati munthu akuuzeni kuti m'munda mwanu muli zamoyo 4 biliyoni, funso loyamba ndi loti nyerere kapena mamba? Chifukwa chake pa chizindikiro chilichonse musayambe ndi nambala, yambani ndi dzina.

H3 kapena 3H kapena T ndi tritium, mtundu wina wa mpweya wa hydrogen. Mukampasi yanu anautsekera m'timachubu tagalasi ting'onoting'ono topakidwa ufa wowala mkati. Cheza chake nchofooka zedi, mumpweya chimayenda mamilimita 6 okha, sichingabowole kagalasiko, ngakhale khungu lakunja la munthu sichidutsa, moti makina wamba oyezera radiyeshoni aja olira kuti tche tche tche mukawayandikitsa nthawi zambiri samva kanthu. Yerekezani ndi wotchi yakale ya radium, imene nthawi zambiri imakhala ndi microcurie imodzi kapena kuchepera, ma becquerel 37,000 okha, nambala yooneka yachibwana pafupi ndi mabiliyoni anuwo, koma pa ziwirizi imene ine sindingagone nayo ndi ya radiumyo.

Chachiwiri mutatha dzina ndi chaka. Nambala yolembedwayo ndi ya tsiku limene anapanga, si ya lero. Tritium amatsika ndi theka pa zaka 12.3 zilizonse, ndiye ngati ndi ya 2000, pofika 2012 inatsala ndi 60, pofika 2025 inatsala ndi 30 basi, nchifukwa chake mwina mwaona kuti usiku ikuwala mwaulesi. Apa mosiyana ndi kampasi ya ku Zomba ija, kuzima kukutanthauzadi kuti mphamvu ikutha.

Itengeni mu shedimo muzikwera nayo mapiri, alamu ndi mwana ali m'mimbayo sizikuwakhudza. Chokhacho musamenye timachubu tija ndi hamala kapena kutitokosa ndi singano. Kakasweka mwangozi m'nyumba tsegulani mawindo mutuluke kwa ola limodzi kapena awiri, mpweyawo umabalalika, ndipo wochepa umene ungalowe m'thupi umatuluka ndi mkodzo, theka lake pa masiku 10. Ikadzatha ntchito musaponye mu bin ya khonsolo, funsani a khonsolo komweko kapena SEPA, bungwe loona zachilengedwe ku Scotland, akuuzani kokasiya.

Wotchiyo nayo ndi nkhani yomweyo, T mu kabwalo ndi mmene asilikali a Britain ankalembera kuti penti wa manambala ndi wa tritium. Poti mumakonda misika ya zakale sungani izi m'mutu: a ku Switzerland ankalemba T SWISS T kapena T<25 pansi pa 6 koloko, kutanthauza kuti tritium wake safika 25 mCi, a ku Germany ankalemba 3H mu kabwalo kofiira, a ku America H3 pambali pa kachizindikiro kaja. P mu kabwalo kapena Pm-147 ndi promethium, ameneyo amatsika ndi theka pa zaka 2.6 zokha ndiye wa m'ma 1980 anatheratu. L mu kabwalo ndi penti wamakono wongotchaja ndi kuwala, alibe radiyeshoni olo pang'ono. Koma mukaona Ra kapena Ra-226, kapena wotchi ndi ya 1960 kubwerera m'mbuyo yosalembedwa kanthu manambala ali a bulauni, werengani yankho la mdzukulu wa ku Zomba musanapereke mapaundi anu.

Malume ine ndimagula zitsulo zakutha cha kuno ku Muloza. Mnyamata wina wandibweretsera kabokosi akuti anakafukula mbali ya ku Mozambique komwe kunali kampu ya asilikali, kali ndi mita ya singano, chingwe ndi kachitsulo ngati tochi kumapeto, zilembo zake nzachilendo, ndakopera izi ДП-5 komanso Р/ч ndi мР/ч. Pa chikwama chake pali kachitsulo kotsekeka. Anzanga akuti mkati muli mekyule wofiira wa mamiliyoni, tiswe. Mnyamatayo akuti kuli zina zolemera kwambiri sanathe kunyamula. Ndipange bwanji? Wa sikelo, Mulanje.

Bambo wa sikelo, zilembozo ndi za ku Russia, ndipo nzomveka kupezeka kumeneko poti asilikali a boma la Mozambique ankalandira zida kuchokera ku Soviet Union nthawi ya nkhondo imene inatha mu 1992. ДП-5 timawerenga kuti DP-5. Chilembo chooneka ngati P chija kwa iwo ndi R, ndiye Р/ч ndi roentgen pa ola, мР/ч ndi gawo limodzi mwa 1,000 la imeneyo. Kunena mwachidule mwagula makina oyezera radiyeshoni, ngati mmene sikelo yanu imayezera makilo, ankapatsa asilikali kuti bomba la nyukiliya likaphulika adziwe koyenda. Makinawo si bomba.

Koma kachitsulo kotsekeka kaja kasiyeni kotseka. Makina amenewa ankabwera ndi kambale kakang'ono ka strontium-90 koyesera ngati akugwira ntchito, ena pa chikwama ena pa mutu wa kachitsulo ka ngati tochi. Strontium-90 amatsika ndi theka pa zaka pafupifupi 29 ndiye ka m'ma 1970 kapena 1980 kakadali ndi moyo, nkochepa, kakakhala m'malo mwake kotsekedwa sikangakudwalitseni, koma naye strontium akalowa m'thupi amathamangira m'mafupa. Kupala, kumenya ndi hamala kapena kukatumiza kong'anjo yosungunula zitsulo ndi kumene kungabweretse vuto.

Za mekyule wofiira ndinena kamodzi, kulibe. Anthu aswa ma ayironi akale a makala, mawailesi ndi makina osokera a agogo awo kufunafuna chinthu chimene palibe anachionapo, amene amalemera ndi amene amakuuzani kuti perekani kaye ya transport bwana wogula akubwera.

Tsopano mawu amene andiimitsa tsitsi ndi omaliza aja, zolemera kwambiri sanathe kunyamula. Mnyamatayo mumuuze asabwerereko. Choyamba pa kampu yakale yankhondo chimene chingamuphe msanga ndi bomba losaphulika kapena la pansi, Mozambique inalengeza mu 2015 kuti yamaliza kuchotsa mabomba okwirira m'minda imene inkadziwika, koma zotsalira za nkhondo zimatulukabe apa ndi apo. Chachiwiri, kanthu kakang'ono kolemera mopitirira msinkhu wake, ngati kampoto kapena kachigubu koti amuna awiri akulephera kukweza, nthawi zambiri ndi mtovu, ndipo mtovu wochuluka choncho amaika kuti utchinge chinachake chili mkati. Kwa wogula zitsulo mtovu ndi ndalama, ndikudziwa, ndipo ndi msampha womwewo umene unagwira anthu ku Goiânia ku Brazil mu 1987. Anyamata awiri anatenga chitsulo m'chipatala chosiyidwa nkukagulitsa kwa wa sikelo ngati inu, mkati munali ufa wa caesium-137 wowala buluu usiku, anthu anagawana ngati chithumwa, ena kudzola. Anamwalira anthu 4 kuphatikizapo mkazi wa wogulayo ndi kamtsikana ka zaka 6, anthu oposa 112,000 anachita kukayezedwa, nyumba zina anagwetsa.

Ya asilikali yeniyeni inachitika ku Lilo, pafupi ndi Tbilisi ku Georgia, mu 1997. Asilikali a Soviet atachoka pa kampu ina anasiya tizitsulo ta radiyeshoni tophunzitsira popanda kuuza olowa m'malo. Anyamata 11 ophunzira kulondera malire anayamba zilonda zosapola pa ntchafu ndi pamsana, madokotala kusowa chifukwa, mpaka akatswiri atabwera ndi makina anapeza kachitsulo ka caesium kochepa kuposa chala m'thumba la jekete yachisanu imene anyamatawo ankabwerekana. Atasesa kampu yonse anapeza ta caesium 12, ka cobalt kamodzi ndi tizida toonera pa mfuti 200 topakidwa radium. Pa kachitsulo ka m'thumba kaja panalibe choti munthu nkuwerenga, chizindikiro chimakhala pa chigubu, chigubu chikatayidwa chenjezo lapita nacho.

Poti katundu wodutsa pa sikelo yanu amachokera kulikonse, chizindikiro chenichenicho chizindikireni bwino: kadontho pakati, mapiko atatu mozungulira ngati mafuwa atatu pamoto kapena fani, akuda kapena ofiirira pa chikasu. Musachisokoneze ndi cha mphete zitatu zolukana zokhala ngati nyanga, chimenecho ndi cha majeremusi, kapena cha kamlongoti kotulutsa mafunde pa mawailesi ndi ma radar a asilikali, chimenecho chimaopsa makina akayaka basi. Mawu ake amafanana m'zilankhulo zambiri, chi Russia РАДИОАКТИВНО, Chipwitikizi RADIOACTIVO ndi PERIGO, chi French RADIOACTIF, chi German RADIOAKTIV, Chiafrikaans RADIOAKTIEF, chi China 放射性. Mayina oti mukawaona musakhudze nkomwe ndi Cs-137, Co-60, Ir-192 ndi Sr-90 wa nambala yaikulu, makamaka pambali pakalembedwa Ci yopanda ka m kutsogolo, kapena GBq ndi TBq. Pa mabokosi onyamulira pamakhala chikwangwani cha ngodya zinayi chili ndi 7 pansi ndi timizere tofiira, kamodzi pa choyera ndiye cheza chotuluka kunja nchochepa, tiwiri pa chikasu chakwera, titatu pa chikasu ndiye chimene chili mkatimo si chosewera nacho. Kuyambira 2007 kulinso china chofiira cha ngodya zitatu chokhala ndi chigaza ndi munthu akuthawa, chimenechi amachimata mkati, pa chitsulo chenichenicho, ndiye mukachiona dziwani kuti mwatsegula kale pamene simumayenera kutsegula, chisiyeni pomwepo muchoke ndipo muchotse anthu onse.

Foni yanu singayeze zimenezi, ma app aja asakunamizeni, komanso maginito amene mumayesera zitsulo sanena kanthu. Ngati wina wagwira chitsulo chachilendo kenako wayamba kusanza patapita maola ochepa, kapena pakhungu patuluka chilonda ngati wapsa ndi moto chonsecho sanayandikire moto, nthawi zina chimadzaoneka patatha sabata imodzi kapena ziwiri, apite kuchipatala ndipo akanene za chitsulocho, chifukwa dokotala akangoona kusanza ayamba kuyeza malungo.

Kabokosi muli nakoko kaikeni pambali, osati pamulu wopita ku lole, kenako kanenani kupolisi ya pafupi kuti adziwitse a Atomic Energy Regulatory Authority ku Lilongwe, bungwe limene linabwera ndi lamulo la 2011 loyang'anira zinthu zimenezi m'dziko muno. Za kampu ija auzeninso apolisi omwewo, iwo ndi amene angalankhule ndi anzawo a ku Milange. Ndalama imene munamupatsa mnyamatayo ingoyesani yagwa m'madzi.